MPHINDI ZITATU: MBIRI YA MFUU PABWALO LA NDEGE

Ku Khonjeni kulibe bwalo la ndege. Chimene chilipo ndi siteshoni ya sitima, msika, minda ya chimanga ndi chinangwa, ndiponso tiyi wa m'maesiteti a Thyolo amene makolo athu akhala akuthyola kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndege timangoziona zikudutsa m'mwamba ngati akabawi, ndipo ambiri a ife tidzaikidwa m'manda tisadakwereko. Tsono wina akhoza kufunsa kuti mwana wa kumeneko nkhani ya ozimitsa moto a pabwalo la ndege yamukhudza pati, makamaka m'magazini ino momwe tidazolowera kuwerengamo ndakatulo ndi nthano. Yankho langa ndi lakuti pansi pa nkhani imeneyi pagona mafunso atatu amene ndi akale kuposa ndege: ndani waona ngozi, wauza yani, ndipo papita nthawi yotani thandizo lisadafike? Maiko adagwirizana kuti pabwalo la ndege yankho la funso lachitatulo lisapitirire mphindi zitatu. Cholinga changa ndi kulondola kumene mphindi zitatuzi zidachokera, ndi kuonetsa kuti m'mbiri yonse ya ngozi za ndege nthawi imatayika kawirikawiri galimoto isadalizidwe nkomwe.

I. MFUU YA MAKOLO

Tiyambe ndi kumudzi. Nyumba ya udzu ikagwira moto, munthu woyamba kuona malawi sayamba wapita kwa amfumu kukapempha chilolezo. Amakuwa pomwepo, ndipo womva mfuuyo amaipatsira kutsogolo mpaka mudzi wonse wadzuka. Mfuu ili ndi malamulo ake ngakhale sadalembedwe. Loyamba, imanena chimene chachitika: kukuwa kwa moto nkosiyana ndi kwa wakuba, kwa wakuba nkosiyana ndi kwa maliro, kotero kuti munthu amadziwa ngati atuluke ndi ndowa kapena ndi chibonga. Lachiwiri, imanena malo, pakuti khutu limalondola kumene mawu akuchokera. Lachitatu, siyankhidwa mawa. Munthu amene wamva mfuu nkufundanso bulangeti amakhala ndi mlandu pamudzi, ndipo tsiku limene yake idzayake anthu adzakumbukira.

Palinso nzeru ina imene makolo adaiphunzira ndi misozi. Denga la udzu wouma likayaka ndithu, palibe amene amataya nthawi kulipulumutsa. Anthu amathamangira kutulutsa ana ndi nkhalamba, kenaka mbuzi ndi mbewu, ndipo timadzi tochepa timene tilipo amathira pamadenga oyandikana nalo. Owerenga asunge mfundo imeneyi, chifukwa tikumana nayonso pabwalo la ndege.

Azungu a maesiteti atabwera adadza ndi mfuu ya chitsulo. Chidutswa cha njanji kapena mkombero wa galimoto wopachikidwa pamtengo ndi umene udali kuitana anthu ku ntchito ndi kuwaweruka. Koma chitsulo chomwecho chikamenyedwa mofulumira ndi mosalekeza, pa nthawi yosayenera, aliyense amadziwa kuti kwagwa zoopsa. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene tsopano timati Nsanje, itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, idabweretsa chinthu china chachilendo, ndicho uthenga wothamanga pawaya kuposa sitima imene. Pa njanji ya mzere umodzi monga iyi yodutsa pa Luchenza, Khonjeni ndi Sandama, sitima siloledwa kunyamuka pa siteshoni ina kufikira siteshoni yakutsogolo itavomera kuti njira ili yoyera. Apa ndi pamene anthu a kwathu adaona koyamba kuti moyo wa anthu mazana ukhoza kudalira munthu mmodzi wokhala pafupi ndi lamya, ndi kuti munthuyo akagona tulo, mabuleki abwino sathandiza kanthu.

II. NDEGE ZIFIKA, MALAMULO ATSATIRA

Maulendo a ndege zonyamula anthu m'dziko muno adayamba m'chaka cha 1931 pamene kampani ya Christowitz idayamba kuuluka pakati pa Blantyre ndi Beira, ndipo m'zaka zomwezo bwalo la Chileka lidatsegulidwa. Ndege za masiku amenewo zidali tating'ono, tonyamula anthu owerengeka ndi mafuta ochepa. Koma zidakula msanga. Central African Airways idakhazikitsidwa mu 1946, Air Malawi mu 1964, ndipo bwalo lalikulu la Kamuzu ku Lumbadzi lidatsegulidwa mu 1983. Pamene Dr Banda adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, khamu lonse lidali kuyang'ana pakhomo la ndege. M'mabuku a mbiri mudalembedwa za khamulo, za nyimbo ndi za mawu ake. Za anthu amene amaima pambali pa bwalo ndi galimoto ya madzi kudikira tsoka, mabuku amakhala chete, pakuti munthu amene ntchito yake ndi kudikira sakhala ndi mbiri kufikira tsiku loipa.

Kunja nako zinthu zidali kusintha. Ku bwalo la Croydon, ku London, m'zaka za m'ma 1920, mkulu wa za wailesi dzina lake Frederick Mockford adapeka liwu lakuti Mayday kuchokera ku mawu a Chifalansa opempha thandizo, chifukwa ndege zambiri zidali kuuluka pakati pa London ndi Paris ndipo pamafunika liwu limodzi lomveka kwa onse. Mu 1927 maiko adalivomereza, ndipo woyendetsa ndege amene moyo uli pangozi amalitchula katatu kuti lisasokonezeke ndi mawu ena. Imeneyi ndi mfuu yomwe ija ya kumudzi, yangokwera wailesi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nayo idaphunzitsa asilikali zambiri, pakuti ndege zobwerera kunkhondo zili zolasidwa zinkayaka potera, ndipo kudaoneka kuti madzi okha sazimitsa mafuta. Mafuta amayandama pamadzi nkumayakabe. Chimene chimawagonjetsa ndi thovu limene limawafunditsa ngati bulangeti kuti asapeze mpweya.

Pa 7 Disembala 1944 maiko adasainirana pangano ku Chicago, ndipo kuchokera m'panganolo mudabadwa bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse lotchedwa ICAO. Malawi adalowa m'bungweli atalandira ufulu mu 1964. Malamulo a mabwalo a ndege ali m'buku la bungweli lotchedwa Annex 14, limene lidavomerezedwa koyamba mu 1951 ndipo lakhala likukonzedwa kambirimbiri. M'menemo ndimo muli mphindi zathu zitatu. Lamulo likuti, nyengo ikakhala yabwino, ozimitsa moto afike pa malo alionse a msewu woterapo ndege mphindi zitatu zisadathe, ndipo bungweli limalangiza kuti ziwiri ndiye zabwino koposa. Koma taonani kawerengedwe kake. Wotchi imayamba pamene ozimitsa moto alandira uthenga woyamba, ndipo imaima pamene galimoto yoyamba yafika ndi kukonzeka kupopa thovu, osachepera theka la mlingo umene bwalolo liyenera kupopa. Kungofika chabe sikuwerengedwa. Galimoto yofika msanga koma pampu yake yakufa, mwalamulo sidafike.

III. CHIFUKWA CHIYANI ZITATU?

Nambala imeneyi sidatoledwe m'mwamba. Thupi la ndege zambiri ndi la aluminiyamu, chitsulo chopepuka chomwe chija amisiri amasungunula poumba mapoto, ndipo chimasungunuka pa madigiri 660. Mafuta a ndege akatayika pansi nkuyaka, kutentha kwake kumafika cha m'ma madigiri 1,000. Chikopa cha ndege nchopyapyala, kotero moto wotere umachiboola m'kanthawi kochepa, mwina mphindi imodzi kapena iwiri. Zotchinga za m'kati zimaugwirako pang'ono, kenaka utsi ndi malawi zimalowa momwe mwakhala anthu. Nchifukwa chake kuyambira mu 1967 opanga ndege zazikulu ku America adalamulidwa kuonetsa kuti anthu onse akhoza kutuluka m'masekondi 90, theka la makomo lili lotseka. Mbali ziwirizi zimakumana pakati: a m'kati athawe msanga, a kunja afike msanga kudzatchinga moto kuti njira yothawira ikhalebe yotseguka. Ntchito yoyamba ya ozimitsa moto a pabwalo ndi kupulumutsa anthu. Ndegeyo, ngakhale idagulidwa ndalama zochuluka motani, ili ngati denga lija la udzu.

Mabwalo amaikidwa m'magulu kuyambira 1 kufikira 10 molingana ndi kutalika ndi kukula kwa ndege zimene zimaterapo. Ndege ya mtundu wa Boeing 737-800, yomwe ndi yodziwika m'chigawo chino cha Africa, imafuna bwalo la gulu 7. Bwalo lotere liyenera kukhala ndi galimoto zosachepera ziwiri, ndipo ngati thovu lake ndi la mphamvu yapakatikati, madzi osachepera malita 12,100, opopedwa pa mlingo wa malita 5,300 pa mphindi. Amayi amene amatunga madzi pamjigo amvetsa bwino tikati zimenezi ndi ndowa 605 za malita 20, ndipo zonsezo zimatha mphindi zitatu zisadakwane. Choncho munthu wogwira mpopi alibe mwayi wophunzirira pamoto weniweni. Akaphonya, madzi atha.

Tsopano tiwerenge nthawi monga amachitira mwana wa Sitandade 5. Galimoto yolemera yoyenda makilomita 60 pa ola imatha kilomita imodzi pa mphindi. Msewu wa ndege wa ku Chileka umapitirira makilomita awiri, wa ku Lumbadzi umapitirira atatu. Belu likalira, anthu atenge theka la mphindi kukwera ndi kuliza galimoto, theka lina lithere potuluka pakhomo ndi kukoka liwiro, zatsala mphindi ziwiri zokha za ulendo ndi kutsegula thovu. Nchifukwa chake nyumba ya ozimitsa moto imamangidwa moyang'ana msewu wa ndege, galimoto zimaima zitaloza kunja, nsapato zimadikira zili m'miyendo ya buluku, ndipo pakati pa nsanja ya oyang'anira ndege ndi nyumbayo pamakhala lamya yakeyake pamodzi ndi belu limene woyang'anira amaliza ndi chala chimodzi. Uthenga wake uli ngati wa kumudzi: chachitika nchiyani, pati, ndege yamtundu wanji, muli anthu angati, mafuta atsala ochuluka bwanji. Paja akulu adati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Ndipo tisaiwale mawu aja akuti "nyengo ikakhala yabwino". Ife a ku Thyolo amene timadziwa chiperoni, pamene nkhungu imabisa ngakhale mtengo wa pakhomo, tikudziwa kuti tsoka silisankha tsiku la dzuwa.

IV. MAPHUNZIRO ANAYI OWAWA

Malamulo a ndege ambiri adalembedwa anthu atafa kale. Ngozi zinayi zitithandiza kuona kumene nthawi imatayikira.

Yoyamba idachitika ku Riyadh pa 19 Ogasiti 1980. Ndege ya Saudia itangonyamuka kupita ku Jeddah, chipangizo chidachenjeza kuti m'chipinda cha katundu muli utsi. Oyendetsa adatha mphindi zingapo akutsimikiza ngati chenjezolo lidali loona, kenaka adabwerera natera bwinobwino. Koma mmalo moima pomwepo ndi kutsegula makomo, ndegeyo idapitirira kuyenda pansi kwa mphindi zoposa ziwiri, ndipo itaima, injini zidalirabe kwa mphindi zina zitatu, zimene zidalepheretsa opulumutsa kuyandikira. Khomo lidatsegulidwa kuchokera kunja patapita mphindi 23 injini zitazimitsidwa. Anthu onse 301 adapezeka atafa m'ndege imene sidagunde kanthu. Ofufuza adadzudzula oyendetsa, komanso adapeza kuti ozimitsa moto sadaphunzitsidwe mokwanira ndipo adalibe zida zoyenera. Galimoto zidafika; chidasowa ndi chidziwitso cha kutsegula khomo ndi kumvana pakati pa a m'kati ndi a kunja.

Yachiwiri ndi ya ku Manchester pa 22 Ogasiti 1985. Injini ya ndege ya British Airtours yopita ku Corfu idaphulika ndege ikuthamanga kuti inyamuke, ndipo chidutswa chake chidaboola thanki ya mafuta. Ozimitsa moto adamva kuphulikako, adaona utsi, nanyamuka osadikira belu, kotero kuti galimoto yoyamba idafika theka la mphindi lisadathe ndege itaima. Komabe mwa anthu 137, anthu 55 adafa, ambiri a iwo chifukwa cha utsi wa poizoni wochokera ku mipando ndi zokutira za m'kati, atapanikizana panjira zopapatiza zopita kumakomo. Galimoto zitapita kukatunganso madzi zidapeza mipopi ina ya pabwalo ili youma chifukwa amisiri amene ankakonza mapaipi adatseka madzi. Ngozi imeneyi, pamodzi ndi zina zofanana nayo, idasintha kamangidwe ka m'kati mwa ndege: mipando yosagwira moto msanga, malo otakasuka pafupi ndi makomo othawira, ndi timagetsi tapansi tolondolera munthu mu utsi.

Yachitatu ndi yokondweretsa. Pa 2 Ogasiti 2005 ndege ya Air France idatera ku Toronto kukugwa mvula yamkuntho, idapitirira msewu nigwera m'chigwa nkuyaka. Ozimitsa moto adafika m'masekondi 52, ogwira ntchito m'ndege adatulutsa anthu mofulumira, ndipo onse 309 adapulumuka ngakhale ndegeyo idapserera. Manyuzipepala adati nchozizwitsa, koma chozizwitsacho chidakonzedwa zaka zambiri m'mbuyo ndi anthu amene ankayeserera tsiku ndi tsiku ntchito imene mwina sakadaigwira moyo wao wonse.

Yachinayi ikutichenjeza kuti liwiro lopanda kumvana limapha. Ku Lima, m'dziko la Peru, pa 18 Novembala 2022, ozimitsa moto adali kuyesa ngati angakwanitse mphindi zitatu kuchokera ku nyumba yao yatsopano. Galimoto yao idalowa mumsewu wa ndege pamene ndege ya LATAM idali kuthamanga kuti inyamuke, ndipo zidaombana. A m'ndege onse adapulumuka, koma ozimitsa moto awiri adafera pomwepo ndipo wachitatu adamwalira pambuyo pake. Anthu adafa pothamangitsa wotchi, pa tsiku limene padalibe moto uliwonse, chifukwa a pansanja ndi a pagalimoto sadamvane bwino za malire a kuyesererako.

Mwa ngozi zinayizi, palibe imene tinganene kuti anthu adafa chifukwa galimoto idali yaulesi pamsewu. Nthawi idatayika pokayikira chenjezo, posauzana, posadziwa khomo, ndi pa mpopi umene wina adatseka osanena.

V. KWATHU KUNO

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'mwezi wa Januwale 2019 kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, bungwe loona za ndege la dziko lao litayendera bwalo la Chileka. Zifukwa zimene zidalengezedwa zidali zochititsa manyazi chifukwa cha kuchepa kwake: mpanda wa bwalo udali woonongedwa, ndipo galimoto yozimitsira moto ndi ambulansi sizidali zodalirika. Padalibe ndege yogwa, padalibe munthu wovulala. Komabe amalonda, odwala opita kuchipatala kunja ndi abale athu ogwira ntchito ku Joni adavutika kufikira zinthu zitakonzedwa. Apa tikuphunzira kuti mphindi zitatu zili ndi mtengo wake ngakhale pa tsiku lamtendere. Bwalo limene silingathe kuzilonjeza limatsika gulu, ndege zazikulu zimaleka kuterapo, ndipo chigawo chonse, kuphatikizapo maboma a tiyi amene amadalira ogula akunja, chimatalikirana ndi dziko lapansi. Mpanda nawo si nkhani yaing'ono, pakuti mbuzi kapena munthu wodula njira pamsewu wa ndege akhoza kuyambitsa ngozi imene galimoto zikudikira.

Wina adzati, dziko losauka ngati lathu lisungirenji galimoto zodula zongodikira zaka ndi zaka, pamene misika ya m'mizinda yathu imapsa anthu akuyang'ana? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindilipeputsa. Koma galimoto ya pabwalo ikatumidwa kukazimitsa msika, bwalolo limakhala lopanda mlonda kufikira itabwerera, ndipo ndege imene ili m'mwamba iyenera kuuzidwa. Mankhwala a vutoli ndi kugulira mizinda galimoto zakezake. Kuvula mwana wina kuti uveke mnzake sikuthetsa usiwa pabanja.

Tsono mphindi zitatu zimagwira ntchito pabwalo ndi pafupi nalo pokha. Ndege ikasowa kutali, pamayamba mtundu wina wa mfuu umene ICAO idaugawa patatu. Ndege ikapanda kumveka kapena kufika patapita mphindi 30 kuchokera pa nthawi yoyembekezeka, oyang'anira amalengeza nthawi ya chikaiko. Kuifunafuna pawailesi kukalephereka, amalengeza nthawi ya chenjezo. Zikaoneka kuti mafuta atha kapena kuti yagwa, amalengeza nthawi ya ngozi, ndipo ofunafuna amanyamuka. Pofuna kufupikitsa nthawi imeneyi, ndege zimanyamula kachipangizo kamene kamadzilizira kokha ndege ikagunda pansi, nkumatumiza chizindikiro cholondolera opulumutsa. Kuyambira mu 1982 masetilaiti akhala akuthandiza kumva zizindikiro zotere. Kachipangizoka ndi mfuu ya munthu amene sangathenso kukuwa.

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Idakumana ndi nyengo yoipa, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Idapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany adalemba m'lipoti lao kuti kachipangizo kolondolera kaja sikadagwire ntchito, pakuti batire lake lidatha nthawi mu 2004, zaka 20 ngoziyo isadachitike. Boma lidalengeza kuti onse asanu ndi anayi adafera pomwepo, ndipo ngati zidali tero, kuwapeza msanga sikukadabweza moyo wao. Koma usiku umene asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi adali kufufuza m'nkhungu, palibe amene adali kudziwa zimenezo. Mtundu wonse udachezera pawailesi ndi pa mafoni, ndipo m'maola amene choona chidachedwa, mphekesera zidamera mizu imene ikuvuta kuzula. Mfuu ikachedwa sipha ovulala okha. Imadyanso chikhulupiriro cha anthu pa amene adawaika kuti awalondere.

VI. ZOTSALA KWA IFE

Mbiri imeneyi ikutiuza kuti mphindi zitatu ndi unyolo wa mphete zambiri: diso loona, pakamwa ponena, waya kapena wailesi yonyamula mawu, khutu lomva, batire lamoyo, galimoto yolira, mpopi wa madzi, ndi dzanja lodziwa khomo. Mphete zambiri mwa izi nzotsika mtengo. Batire, waya wa mpanda, mafuta a galimoto yoyeserera ndi buku lolembamo kuti belu layesedwa lero sizifuna ngongole ya ku banki yaikulu. Zimafuna munthu wozisamala pa masiku zikwizikwi amene sipachitika kanthu. ICAO imalamula kuti bwalo lililonse lizichita kawirikawiri kuyeserera kwakukulu kwa ngozi, pamodzi ndi zipatala, apolisi ndi ozimitsa moto a mumzinda, ndipo nthawi yozolowereka ndi yosapitirira zaka ziwiri. Nzika zili ndi ufulu wofunsa ngati zimenezi zikuchitika pa mabwalo athu, ndi kuti wotchi idaonetsa mphindi zingati. Bungwe loyang'anira za ndege limene lamulo la mu 2017 lidakhazikitsa liyenera kuyembekezera mafunso otere kuchokera kwa atolankhani, aphungu, ndi ife ophunzira.

Ndipo ndege ikadzagwa kutali ndi bwalo, m'minda ya tiyi kapena m'mapiri a ku Thekerani, oyamba kufika sadzakhala ovala zipewa zachitsulo. Adzakhala amayi othyola tiyi, kapitao, mlonda, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Masiku ano ambiri a iwo ali ndi foni m'thumba, chida chimene stesheni masitala wa mu 1908 sakadachilota. Funso nlakuti kodi akudziwa woyenera kumuimbira, ndi kuti woimbiridwayo adzayankha ndi kudziwa kopatsira uthengawo. Kodi adauzidwa kuti ayandikire ndege yoyaka kuchokera kumene mphepo ikuchokera, ndi kuti asayatse fodya pamene patayika mafuta? Kuphunzitsa zimenezi kumidzi sikungathe ndalama zambiri, chifukwa mwambo wa mfuu ulipo kale. Chosowa ndi kuulumikiza ku mawaya a boma.

Ife amene tikuphunzira mbiri tidazolowera kuwerenga nthawi m'zaka ndi m'mibadwo: 1891, 1915, 1953, 1964. Anzathu olemba ndakatulo amakonda nkhondo, chikondi ndi imfa za anthu otchuka. Koma pali mbiri ina imene imalembedwa m'masekondi, ndipo eni ake ndi anthu okhala pamthunzi wa galimoto yofiira ku Chileka, ku Lumbadzi, ku Mzuzu ndi ku Karonga, kupukuta zida ndi kutchera khutu ku belu. Akagwira bwino ntchito yao maina ao samveka. Akalephera, dziko lonse limafunsa kuti adali kuti, osafunsa kuti tidawapatsa chiyani. Makolo adatisiyira mawu akuti nkhanga zidapangana kusadapse. Pangano lathu ndi anthu amenewa liyenera kuchitika lero, kukali bata, pakuti belu likalira sipakhalanso nthawi ya msonkhano.